Tsiku Limene a Jailosi Anakumbatira Mwana Wawo

Ku Oshawa, m'dziko la Canada, munthu wofuna a Jailosi Chidothi sankafunsa njira. Ankangoima n'kutchera khutu. Posakhalitsa ankamva ngati galimoto ikukana kulira m'mawa wa chisanu: tche-tche-tche-tche, kenaka zii, kenaka mpweya wokokedwa ngati munthu watsamwa ndi fupa, hiii, ndiyeno injini n'kugwira, gududududu, mpaka mawindo kunjenjemera. Kumeneko ndiye kunali kuseka kwa a Jailosi. Mzungu woyandikana nawo nyumba anatulukapo kangapo atanyamula nthambo za batire, ati akathandize mnzake amene wavutika pamsewu, n'kukangopeza bamboyo ali pakhonde, wagwira nthiti, akupukuta misozi.

Kusekako anabadwa nako ku Ntcheu, ndipo n'kumene kunawachotsa pasukulu ali Sitandade 2, tsiku limene mphunzitsi wamkulu anayetsemula mkati mwa pemphero. Eni ake ankati sukulu sinawathamangitse, anangosiyana nayo bwinobwino ngati anthu akuluakulu. Atakula anakwatira kuchikamwini, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Anastazia. Koma ukamwini ndi a Jailosi sizinayanjane. Mizere ya m'munda wa apongozi inali yosatha, ndipo apongoziwo ankaona ndi kunkhongo komwe. Mwana atangoyamba kugweruka mano akutsogolo, bambo anakwera sitima ya ku Halale, ati akagule bulangeti abwereko. Bulangetilo linatenga zaka. Mkazi wawo anadikira, nadikira, kenaka anakwatiwa ndi wogulitsa usipa, munthu amene analibe suti koma madzulo aliwonse ankapezeka pakhomo. A Jailosi atamva sanakwiye. Anati mayiyo wasankha mwanzeru, iwonso akanakhala mkazi akanatero.

Ku Halale anapeza ntchito pachipatala, yonyamula odwala. Dokotala wina wa ku Canada anaona mmene bamboyu ankachotsera munthu pabedi popanda wolira, ndipo pobwerera kwawo mu 1965 anawapezera malo panyumba yosungirako okalamba ku Oshawa. M'tauni imeneyo amuna ambiri ankapanga magalimoto. A Jailosi ankanyamula amene anapanga magalimoto kale, mafuta atawathera m'mafupa.

Ndipo kunyamulako anali nako kanyamulidwe kawokawo. Ankaima pafupi, mapazi motalikirana, n'kupinda maondo, msana uli chiongokere. Manja ankawalowetsa kukhwapa kwa nkhalamba, zala n'kukakumana kumsana. Kenaka wani, thu, fili, nkhalamba m'mwamba, kutembenuka, n'kuikhazika pampando wa magudumu ngati dzira. Phazi linkapita lokha kukaponda mabuleki. Pomaliza ankaisisita paphewa n'kuiuza kuti, "Gudu boyi." Mawu amenewo anawamva zaka zambiri ku Halale akupita kwa iwo, ndiye ankati tsopano akungobweza moni. Nkhalambazo zinkawakonda zedi. Ina inkakana kudzuka mpaka abwere Jailosi.

Mwana wawo anamuonako kamodzi kokha atakula, pamene anapita kumudzi kukatsazika za ulendo wa ku Canada. Anapeza namwali wovinidwa kale, wolangidwa mokwanira. Anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, nawapatsa moni akuyang'ana nkhuku. A Jailosi anayankha akuyang'ana mtengo wa mango. Mumtima ananyada kwabasi. Mwana wamkazi akatha msinkhu sayandikira bambo ake, salowa kuchipinda kwawo, sawatchula dzina. Ndipo bambo womagwiragwira mwana wake wamkulu, mudzi umayamba kunong'onezana kuti akukhwimira chigayo.

Mu 1971 a Jailosi anavala suti, nakagwira Baibulo pamaso pa woweruza, nasanduka nzika ya Canada. Pobwerera kunyumba anadzipeza akuganiza kuti dziko lonseli, lalikulu chonchi, alibemo munthu wa magazi awo ngakhale mmodzi. Akadzakalamba adzawanyamula ndani? Chaka chotsatira Anastazia anatera pabwalo la ndege monga mlendo wodzaona bambo ake. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, wosakwatiwa, ataphunzitsako ana pasukulu ya mishoni, mtima wake uli pa unamwino. Atangowaona anaika sutikesi pansi, nagwada pasimenti pakati pa chigulu cha anthu. Azungu awiri anagwada naye limodzi kufunafuna ndolo imene ankaganiza kuti wataya. A Jailosi anaima chapatali akuomba m'manja mwakachetechete, akufunsa za mvula, za malume ake a mwanayo, za mbuzi.

Pakhomo anam'patsa chipinda chogona, iwo n'kusamukira pabalaza. Mwanayo ankaphika, n'kuwaikira pathebulo, iye n'kukadyera kukhitchini. Akafuna kunena kanthu ankagwada pakhomo la khitchinilo n'kuyamba ndi "Ababa." Iwo ankamuitana ndi mfunda, "Nangozo," ndipo ankati "inu," monga kuyenera munthu wamkulu. Zonse zinali m'malo mwake kupatula chimodzi. Mwanayo sankaseka. A Jailosi ankatulutsa nthabwala zawo zonona, zimene zinkagwetsa nkhalamba m'mipando, koma Anastazia ankangoika nsonga ya chitenje pakamwa, n'kudzuka msangamsanga kupita kubafa. Kumeneko ankatsegula mpopi mwamphamvu, madzi waaa, kwa nthawi ndithu. Poyamba bamboyo anaganiza kuti ndi m'mimba, chakudya chachilendo. Kenaka anaganiza kuti mwanayo amakalira. Zinkawadya mumtima, koma munthu ungafunse bwanji mwana wamkulu zimene amachita kubafa? Ankangoti kaya, mwina munthu amene unamusiya ali ndi mpata m'mano sangakuone ngati bambo. Mwina amangoona nkhalamba yaphokoso imene anauzidwa kuti aziilemekeza.

Masiku amenewo mlendo ankatha kupempha kuti akhalitse ali momwemo m'dziko, ndiye anapita ku ofesi ya boma ku Toronto. Kumeneko anamva kuti mwana wamng'ono amangotsata kholo, koma wamkulu ngati ameneyu pamafunika kholo limuimire, ndipo boma likhutire kuti ndi mwana wakedi. Apa ndiye panali mlandu. Kumudzi kwawo kunalibe wolemba tsiku lobadwa. Khadi la ubatizo linadyedwa ndi chiswe. Dzina la pa pasipoti silinali Chidothi koma la malume ake, a Wyson, amene anam'lembetsa sukulu monga mwini mbumba. Mayi wa mu ofesiyo, wa magalasi olendewera pa tcheni, anawalozera mipando iwiri yogundana. A Jailosi anakhala. Anastazia anagwada pakapeti kufupi ndi chitseko. Mayiyo anayang'ana mwana, nayang'ana bambo, ndipo anawatulutsa kaye a Jailosi. Ali panjira yobwerera kunyumba, Anastazia anafotokoza, maso ali pansi, kuti anafunsidwa ngati bamboyu ndi bwana wake kapena mwamuna wake, ndiponso ngati amamumenya. Anauzidwa kuti abwerenso onse awiri adzafunsidwe bwinobwino, ndipo boma likapanda kukhutira, nthawi ya ulendo ikangotha mwanayo akwere ndege.

Nkhaniyi anaitula kwa amayi Selina, namwino wa ku North York, dera la ku Toronto komweko, wochokera ku Mulanje, amene ankadziwa za azungu kuposa azungu eni ake. A Selina anawamvetsera, manja ali m'chiuno, kenaka anawauza kuti iwonso akanakhala boma akanaitana apolisi. Kuno, anatero, mwana amakhala pampando umodzi ndi bambo ake, amawayang'ana m'maso, amawatsutsa, amawabera tchipisi m'mbale. Ndipo koposa zonse amahagana.

"Amatani?" anafunsa a Jailosi.

"Kukumbatirana, achimwene. Chifuwa ndi chifuwa. Mukapanda kumuhaga mwanayu pamaso pa mayi uja, mukam'perekeza ku eyapoti."

"Achemwali, ine chigayo sindichifuna."

Koma Lamulungu lililonse, akaweruka kutchalitchi, ankakwera chikepe mpaka pamwamba pa nyumba yosanja kumene a Selina ankakhala, kukalowa sukulu. Phunziro loyamba linali kukhala pasofa imodzi. Bambo anakanirira kumapeto uku, mwana kumapeto uko, pakati pakanatha kuimikapo ngolo ndi ng'ombe zake. A Selina akawakankhira pakati, n'kutembenuka kukaona mpunga pamoto, ankapeza abwerera m'malo mwawo ngati zitseko za sipuling'i. Phunziro lachiwiri linali dzina. Anastazia anauzidwa kuti aiwale "Ababa," azinena "Dadi," mwansangala, ngati akuitana mnzake wa kumpira. Anayesa ndithu. Zimene zinatuluka zinali "a Dadi," motsitsa mawu, bondo limodzi litafika kale pansi.

Kukumbatira anayambira pa firiji. A Jailosi anaikumbatira bwino kwambiri, mpaka anaisuntha pakhoma. Kenaka anakumbatira a Douglas, amuna awo a Selina, munthu wowonda wa kuyunivesite, amene pambuyo pake anakhala sabata akudandaula nthiti. Koma ikafika nthawi ya mwana, zinthu zinkasokonekera. Ankayenda molimba mtima, manja atatambasula, n'kufika poti atsala pang'ono, kenaka ankakumbukira kuti asiya magetsi a galimoto akuyaka. Tsiku lina anakumbukira magetsiwo atabwera pa basi. Anastazia naye ankauma gwa ngati mtanda wa pamanda, maso psinya, ngati akudikira jakisoni. A Douglas akayankhulapo kanthu koseketsa, mwanayo ankathawira kubafa, ndipo mpopi wa a Selina nawonso unkalira waaa.

Lamulungu lomaliza a Selina anagwetsa manja. Anati aphunzitsapo anthu osweka chiuno kuyenda, koma awiriwa awalephera. Zatsala n'kupemphera basi.

Tsiku la mafunso a Jailosi anavala suti ija ya unzika. Anastazia anavala diresi la a Selina ndi nsapato zogogoda. Anakhala pampando, inde, koma kumphepete kwenikweni, mwakuti chimene chinkam'gwira chinali chikhulupiriro osati mpando. Mayi wa magalasi uja anatsegula faelo nayamba kufunsa.

Mwanayu anabadwa liti? A Jailosi, ndi Chingerezi chawo cha m'wodi, anayankha kuti chaka chimodzi isanagwe njala yaikulu, chimanga chili m'maondo. Mayiyo analemba. Amakonda chakudya chanji? Anati chilichonse, si mwana wosankha. Mnzake wapamtima ndi ndani? Anadwalapo matenda anji ali mwana? Anakhoza bwanji mayeso ake? Funso lililonse linkagwa ngati mwala m'chitsime chouma. Bamboyo, amene pakamwa pake sipankatha mawu, anapeza kuti za nkhalamba za kuntchito akanatha kuyankha zonse, imene imadana ndi phala, imene imaopa mabingu, koma za mwana wawo yekhayo analibe chonena.

Mayiyo anatembenukira kwa Anastazia namuuza kuti atchule dzina loyamba la bambo ake. Mwanayo ankalidziwa bwinobwino. Anatsegula pakamwa, nayang'ana nsapato za a Selina, natsekanso. Kutchula "Jailosi" eni ake ali pompo, ngati akuitana mwana woweta mbuzi? Anayesa njira ina. Anati, "A Dadi." Anazinena ngati munthu akuulula tchimo.

Cholembera chinayenda nthawi yaitali. Kenaka mayiyo anatseka faelo, naika manja pamwamba pake. Analankhula mofatsa, mosanyoza. Anati waonapo mabanja amitundu yonse mu ofesi imeneyi, okangana, olira, osalankhulana, koma onse ankaoneka kuti amadziwana. Awiriwa akuoneka ngati anthu amene akumana m'basi m'mawa womwewo. Popanda pepala, popanda china chilichonse chogwirika, iye sakuona poyambira.

A Jailosi anaona ndege. Anaiona bwinobwino ikunyamuka, mwana ali pawindo, iwo akubwerera kukagona m'chipinda chawo chija, mpopi uli chete mpaka kalekale. Anadzuka. Anamanga batani la jekete. Chigayo chibwere ngati chikubwera.

"Nangozo, taimani," anatero kwa mwanayo. "Pepani, amayi. Ndi boma."

Anastazia anaima, nauma gwa, natsinzina. A Jailosi anayandikira, ndipo ulendo uno kunalibe magetsi a galimoto oti awapulumutse. Mutu unasiya kugwira ntchito. Zonse za firiji ndi za a Douglas zinauluka. Koma thupi la munthu limakumbukira zake. Mapazi anatalikirana okha. Maondo anapinda, msana chiongokere. Manja analowa kukhwapa, zala n'kukumana kumsana.

"Wani, thu, fili."

Anastazia ananyamuka m'mwamba, nsapato imodzi n'kutsala pakapeti. Anatembenuzidwa bwinobwino, nakhazikidwa pampando ngati dzira, mkatikati, msana utatsamira. Phazi la a Jailosi linafufuza mabuleki kumwendo wa mpando wa boma. Dzanja linatera paphewa, kusisita kawiri.

"Gudu boyi."

Mayi uja anali kukamwa yasa, magalasi atagwera pachifuwa. A Jailosi anaima manja ali lende, akuzindikira pang'onopang'ono zimene achita. Anastazia anayang'ana chitseko. Chinali kutali, ndipo nsapato anali nayo imodzi. Anafuna nsonga ya chitenje, koma anali mu diresi la eni. Anayang'ana uku ndi uku. Munalibe bafa, munalibe mpopi. Mapewa anayamba kugwedezeka.

Tche-tche-tche-tche.

A Jailosi anatembenuka kuyang'ana pawindo, kuti aone galimoto imene yavuta pamsewu. Zii. Kenaka hiii, mpweya wa munthu wotsamwa ndi fupa. Sizinkachokera kunja ayi. Zinkachokera pampando. Ndiyeno injini inagwira, gududududu, mwana wolangidwa uja atapinda pakati, akumenya thebulo la boma ndi chikhatho, misozi mbwee, akuyesa kunena "pepani, ababa" koma osatha kufika kumapeto.

Bamboyo anaima ngati aona mzukwa. Moyo wawo wonse anali asanamvepo kuseka kumeneko kuchokera panja pa thupi lawo. Sankadziwa kuti n'koipa chotero. Ganizo limenelo ndi limene linawamaliza. Tche-tche-tche-tche, nawonso anayamba, ndipo kwa kanthawi magalimoto awiri ankakanira limodzi, kukokera mpweya limodzi, hiii, n'kugwira limodzi. Mmodzi akati aleke, ankamva mnzake akukoka mpweya, basi n'kuyambiranso. Mlonda anasuzumira pakhomo. Anthu a pamzere anaimirira kuti aone. Mayi wa mu ofesi anayesa kugwira nkhope ya boma, koma inam'pulumuka, ndipo anavula magalasi n'kumapukuta m'maso ndi kansalu.

Phokoso litatsika, mayiyo anafunsa Anastazia ngati anaphunzira kuseka koteroko kwa bambowa.

Mwanayo anapukusa mutu. Anati anayamba ali wamng'ono, bambo ali kale ku Halale, ndipo amayi ake ankati akamumva amaiwala n'kuphikanso chakudya cha bamboyo, ngati abwerera. Anamkungwi anam'langa kuti mkazi saseka ngati thalakitala, makamaka pamaso pa bambo ake. Ndiye chifikireni wakhala akukasekera kubafa.

"Ndiye mpopi uja?" anafunsa a Jailosi m'Chichewa, ataiwala za boma. "Ine kumati mumalira, amayi."

"Ndimalira ndithu, ababa. Nthiti zimawawa."

Mayi uja anatsegulanso faelo. Anati mapepala abodza wawaonapo ambiri, ena okongola kuposa enieni, koma phokoso ngati limenelo palibe angaligule, ndipo palibe angalifune. Kenaka anayamba kufunsa mafunso ena, amene akanayenera kuyambira: chifukwa chake mwana amagwada, chifukwa chake dzina ndi la malume, chifukwa chake satchula dzina la bambo. Tsopano pakamwa pa a Jailosi panamasuka, ndipo anafotokoza zonse, za chikamwini, za mbumba, ngakhale za chigayo, Anastazia akuwakonzera Chingerezi apo ndi apo atabwerera kumphepete kwa mpando. Mayiyo anati alembere ku mishoni kumene mwanayo anabatizidwa, abusa atsimikize zimene zili m'kaundula wawo, ndipo iye adikira. Za ndege sanazitchulenso.

Yankho la abusa linabwera chisanu chitayamba, ndipo chilolezo chinatsatira. Anastazia anaphunzira unamwino, nagwira ntchito ku North York, wodi imodzi ndi a Selina, amene mpaka ukalamba wawo ankauza aliyense kuti sukulu yawo ya Lamulungu ndi imene inapulumutsa banjalo. A Jailosi sanawatsutse. Ankangoti firiji ija inawathandiza kwambiri.

Bambo ndi mwana sanakumbatiranenso. Kamodzi kaja kanakwana, ndipo chigayo sichinabwere. Anastazia anapitiriza kugwada pakhomo la khitchini, iwo anapitiriza kumuti "inu." Chimene chinasintha ndi mpopi wa kubafa, umene unapuma. Nthabwala ikagwa pathebulo, yankho linkachokera kukhitchini, tche-tche-tche-tche, ndipo mzungu woyandikana nawo uja anakagula nthambo za batire zachiwiri.